Zimene madzi amatenga na zimene amakana

M'buku la Chemistry la ku sekondale muli mutu wina umene ana a sukulu ambili amaloweza cabe kuti aphase mayeso, ndipo akatuluka m'cipinda ca mayeso amausiya pa desiki pamodzi na pensulo. Mutuwo ni wa ma polar molecule. Ife tikuti pa zonse zimene zili m'bukulo, palibe mutu wogwila nchito m'komboni kupambana uwu. Ndiwo umafotokoza cifukwa cake sopo imacotsa mafuta, cifukwa cake moto wa saladi suzimitsidwa na madzi, cifukwa cake mwana amene wamwa palafini safunika kusanzitsidwa, komanso cifukwa cake shuga na mcele m'madzi zimapulumutsa munthu wodwala kolela. Cidziwitso cotele sicifunika kutsekeledwa m'Cizungu n'kumayembekezela caka ca mayeso. Cifunika kukambidwa m'Cinyanja pa pompi, pa galaji na m'khichini.

Madzi ali na mbali ziwili

Kadontho kamodzi ka madzi kali na tunthu tosawelengeka tochedwa mamolekyu. Molekyu iliyonse ya madzi ili na atomu imodzi ya oxygen na maatomu awili a hydrogen, ndiye H2O ija imene ngakhale amene ankagona m'kalasi amaikumbukila. Maatomu amenewa amagwilana mwa kugawana ma electron, tunthu tokhala na mphamvu ya magetsi ya negative. Koma kugawanako si kwacilungamo. Oxygen ni yadyela. Imakokela ma electron kufupi na iyo, monga mmene zimakhalila anthu awili akafunda bulangeti imodzi mu June, wamphamvu n'kuikokela kwake. Mu 1932, wasayansi wa ku America Linus Pauling anakonza sikelo yopimila dyela limeneli. Pa sikeloyo oxygen ili pa 3.44 ndipo hydrogen ili pa 2.20. Conco mbali ya oxygen imakhala na negative pang'ono, ndipo mbali ya ma hydrogen imakhala na positive pang'ono.

Dyela lokha silikwanila, kaumbidwe ka molekyu nako n'kofunika. Molekyu ya madzi ni yopindika monga cilembo ca V, ndipo pakati pa miyendo yake iwili pali madigili 104.5. Cifukwa ca kupindikako, ma positive onse awili amakhala kumodzi ndipo negative imakhala kwina. Molekyu yotele, yokhala na mbali ziwili zosiyana monga batile ya mu tochi, ndiye imachedwa polar. Yelekezelani na carbon dioxide, mpweya umene timatulutsa popuma. Nayonso ili na oxygen yadyela, maatomu awili, koma ali moongoka, ina uku ina uku, carbon ili pakati. Zili monga magulu awili olingana mphamvu akukokana cingwe: palibe kumene cingwe cipita. Conco carbon dioxide si polar. Peter Debye, wasayansi wobadwila ku Netherlands, ndiye anapeza njila yopimila kusiyana kwa mbali ziwilizi. Analemba buku lochedwa Polar Molecules mu 1929, ndipo mu 1936 analandila mphoto ya Nobel.

Popeza positive na negative zimakokana, mamolekyu a madzi amamatilana mwamphamvu. Kuti muone kukula kwa nkhaniyi, tengani methane, mpweya umene umatuluka m'ndowe zowola. Molekyu yake imalemela pafupifupi mofanana na ya madzi, 16 poyelekezela na 18, koma si polar. Methane imawila pa madigili 162 pansi pa zilo. Madzi amawila pa madigili 100 kufupi na nyanja yamcele, ndipo kuno ku Lusaka, kumene kuli pamwamba, amawila pa madigili pafupifupi 96. Madzi akanakhala opanda mbali ziwilizi, Kafue, Zambezi na Luangwa sikukanakhala mitsinje. Zonse zikanakhala nthunzi, pamodzi na magazi athu.

Lamulo limodzi cabe

Pa zonsezi pamatuluka lamulo losavuta: zofanana zimasungunulana. Madzi amatenga zinthu zimene zili na mbali za magetsi monga iwo, ndipo amakana zimene zilibe.

Aliyense amene anakulila pa zigolo na buledi anaona kale theka loyamba la lamuloli. Molekyu ya shuga ili na tumagulu twambili twa oxygen na hydrogen, conco madzi amaigwila mbali zonse n'kuicotsa pa anzake. M'kapu imodzi ya madzi mungasungunuke shuga yolemela pafupifupi kawili kuposa madziwo. Mcele nawo ni tuzidutswa twa sodium twa positive na twa chloride twa negative. Mamolekyu a madzi amazungulila kacidutswa kalikonse, mbali ya oxygen ikuyang'ana sodium, mbali ya hydrogen ikuyang'ana chloride, mpaka mcele wonse n'kuzimililika m'supu.

Theka laciwili lili mu poto ya ndiwo. Saladi imayandama pamwamba pa madzi ngakhale mutakasa bwanji. Mamolekyu ake ni maunyolo atali a carbon na hydrogen, maatomu amene amagawana ma electron pafupifupi mofanana. Madzi alibe pogwila, conco amangomatilana okhaokha n'kukankhila saladi pambali. Palafini, petulo, dizilo, gilizi, Vaseline na phula zonse zili m'gulu limeneli. Makolo anati safunsa anadya phula. Uci umasungunuka m'kamwa cifukwa ni shuga, koma phula mungalitafune tsiku lonse, malovu sangalisungunule.

Mukadziwa lamuloli, zinthu zambili za m'khichini zimayamba kumveka. Mpilipili ikakuwawani m'kamwa, kumwa madzi sikuthandiza kwenikweni, cifukwa capsaicin, cinthu cimene cimawawa, cimakonda mafuta osati madzi. Mkaka ndiwo umathandiza. Ma vitamin A, D, E na K amasungunuka m'mafuta, conco cibwabwa kapena kalembula wotendela na nshawa, kapena wothila saladi pang'ono, amapatsa thupi zambili kuposa wophika na madzi okha. Vitamin C imasungunuka m'madzi, conco amene amawilitsa lepu m'madzi ambili n'kutaya madziwo, amataya gawo la cakudya mu ngalande. Ambuye athu amene ankatendela ndiwo sankadziwa dzina la Debye, koma zimene ankacita zinali zolondola.

Sopo ni mkhalapakati

Vuto la ukhondo lagona apa: khungu lathu lili na mafuta, ndipo dothi na tuzilombo zimamatila m'mafutawo. Madzi okha amangodutsa pamwamba. Sopo ni molekyu yokhala na mutu wokonda madzi na mcila wautali wokonda mafuta. Mukapaka sopo, micila imaloŵa m'mafuta, mitu imatsala panja kuyang'ana madzi, ndipo mafuta amagawika kukhala tumipila tumene madzi angatenge. Nchito imeneyi imafuna nthawi. Ndiye cifukwa cake a zaumoyo amati tizipikitsa manja kwa masekondi 20, osati cabe kuwanyowetsa.

Nthawi ya Covid-19 tinauzidwa kusamba m'manja tsiku na tsiku, koma ni ocepa anauzidwa cifukwa cake. Kacilombo ka corona kali na cikopa ca mafuta. Micila ya sopo imaloŵa m'cikopaco n'kucing'amba. Sanitizer yokhala na alcohol yosacepela 60 peresenti imawononganso cikopa cimeneci, koma manja akakhala na gilizi kapena matope siigwila bwino nchito, cifukwa siicotsa dothi.

Ganizilani manje za beseni imodzi ija imene imazungulila anthu khumi pa malilo kapena pa phwando nsima isanafike. Mulibe sopo, ndipo madzi ake ni amodzimodzi. Woyamba amasiyamo zake, womaliza amasamba m'za onse. Munthu amene wangouzidwa kuti "sambani m'manja" angaone kuti lamulo lasungidwa. Amene adziwa mmene sopo imagwilila nchito amaona kuti palibe cimene cacoka, ndipo ndiye amapempha jagi yothilila na kacidutswa ka sopo.

Zimene madzi amakana zingaphe

Pani ya vitumbuwa kapena ya chipisi ikagwila moto, dzanja limathamangila ku ndowa ya madzi. Apo m'pamene ngozi yaing'ono imasanduka yaikulu. Saladi yoyaka imakhala yotentha kupitilila madigili 300. Madzi sasakanikilana nayo ndipo ni olemela kuiposa, conco amamila pansi pa pani n'kusanduka nthunzi nthawi yomweyo. Lita imodzi ya madzi imapanga nthunzi yokwana malita pafupifupi 1,700. Nthunziyo imaponya saladi yoyaka kumaso, ku makatani na ku denga. Coyenela kucita ni kuzima sitovu, kuvinikila pani na civinikilo ca citsulo kuti moto usoŵe mpweya, na kuisiya pomwepo mpaka izizile. Petulo nayo ikayaka, madzi amangoinyamula n'kuifalitsa pansi ponse. Imafuna mcenga kapena cozimila moto coyenela.

M'caka ca 2024, cilala citacepetsa madzi ku Kariba, malaiti anali kuzima maola ambili pa tsiku, ndipo m'nyumba zambili munabwela majenaleta, zigubu za petulo na palafini. Palafini kaŵili-kaŵili imasungidwa m'botolo ya zakumwa, ndipo kwa mwana wa zaka ziwili imaoneka monga madzi. Mwana akamwa, acikulile ambili amamupatsa mkaka kapena kumuloŵetsa cala kukhosi kuti asanze. Zonse ziwili n'zoopsa. Palafini ni yopyapyala ndipo imafalikila mwamsanga. Ngozi yake yaikulu siili m'mimba koma m'mapapo, ndipo posanza m'pamene imaloŵa mosavuta m'njila ya mpweya. M'mapapo muli kansalu kocepa ka mamolekyu ofanana na sopo, a mutu wokonda madzi na mcila wokonda mafuta, kamene kamathandiza tumatumba twa mpweya kuti tusafote. Palafini imawononga kansalu kameneka. Mwana wotele safunika kusanzitsidwa kapena kumwetsedwa ciliconse. Muvuleni zovala zonyowa na palafini n'kuthamangila naye ku kiliniki.

Pa magalaji a m'mbali mwa msewu, anyamata ambili amasamba m'manja na petulo. Gilizi imacokadi, cifukwa zofanana zimasungunulana. Koma petulo siisankha. Imasungunulanso mafuta oteteza khungu, manja n'kuyamba kung'ambika, ndipo m'petulo muli benzene, cinthu codziwika kuti cimayambitsa khansa ya m'magazi. Kupaka saladi pang'ono kuti gilizi ifewe, kenako sopo na madzi, kumagwila nchito imodzimodzi popanda ngozi imeneyo. Ndipo oilo yakutha ya mu injini ikathilidwa mu ngalande siisungunuka n'kutha ayi. Imayandama, imamatila m'dothi, ndipo mvula ikabwela imapita nayo kumene ena amatunga.

Zimene madzi amatenga zimabisala

Theka lina la lamuloli n'loopsa kwambili cifukwa silioneka. Cinthu cikasungunuka m'madzi cimasoŵa m'maso, koma cimakhalapo. Zigolo na madzi wamba zimaoneka cimodzimodzi m'kapu. Conco mawu akuti "madzi aya ni oyela, onani mmene akuwalila" alibe umboni uliwonse.

Mbali yaikulu ya Lusaka inamangidwa pa miyala ya limestone na dolomite, mtundu wa miyala imene ku Chilanga amapangila simenti. Madzi a mvula amasungunula miyala imeneyi pang'onopang'ono kwa zaka masauzande, n'kusiya ming'alu na mphako pansi pa nthaka. Umboni wake uli mu ketulo yanu: zoyela zija zomatila pansi ni calcium na magnesium zimene madzi anatenga ku miyala. Ndizonso zimagwila mitu ya sopo n'kuilepheletsa kucita thovu m'madzi a borehole. Zoyelazo sizoopsa. Coopsa ni ming'alu. M'malo monga Kanyama, kumene madzi a pansi ali pafupi na pamwamba, zocokela m'zimbudzi zokumba zimatsika m'ming'aluyo mwamsanga osasefedwa na dothi, n'kufika m'citsime ca pafupi.

Cimodzi mwa zimene zimatsika ni nitrate, imene imacokela ku zonyansa za anthu na ku feteleza. Imasungunuka kothelatu, ilibe mtundu, ilibe fungo. Bungwe la World Health Organization linaika malile a mamiligalamu 50 pa lita imodzi, maka-maka pofuna kuteteza makanda omwa mkaka wa m'botolo, cifukwa nitrate yambili imalepheletsa magazi awo kunyamula oxygen. Kuwilitsa madzi kumapha tuzilombo, ndipo tifunika kupitiliza kuwilitsa kapena kuthila chlorine. Koma kuwilitsa sikucotsa nitrate. Madzi ena amauluka monga nthunzi, nitrate n'kutsala yonse mu poto. Njila yokha yodziwila ni kupima madziwo.

Nkhani ya pa Copperbelt ni imodzimodzi, kungoti ni yaikulu. Njila ina yocotsela kopa ku miyala ni kuisungunula m'madzi osakaniza na asidi wa sulphuric. Mu February 2025, damu yosungila zotsala za nchito yotele ya kampani ya Sino-Metals ku Chambishi inagumuka, ndipo madzi a asidi anatsikila mu mtsinje wa Mwambashi mpaka mu Kafue. Nsomba zinafa, ndipo madzi a m'mapompi ku Kitwe anatsekedwa. Kafue yomweyo ndiye imapatsa Lusaka gawo lalikulu la madzi ake akumwa. Mtundu wa mtsinje ukabwelelamo, munthu wosadziwa amati vuto latha. Wodziwa amafunsa kuti: nanga zitsulo zimene zinasungunuka zili kuti, ndipo anapima ndani?

Ngakhale m'botolo ya moŵa lamuloli lilimo. Methanol ni polar, imasakanikilana kothelatu na madzi komanso moŵa, ndipo kaonekedwe na kanunkhidwe kake n'kovuta kusiyanitsa na moŵa wamba. Yocepa cabe ingacititse munthu khungu, yoculukilapo ingaphe. Sipiliti wosadziwika kumene wacokela sungamupime na maso kapena lilime.

Kolela na kapu ya madzi a shuga na mcele

Mlili wa kolela umene unayamba mu October 2023 unali waukulu kwambili m'mbili ya dziko lathu. Mu January 2024 National Heroes Stadium inasanduka cipatala, masukulu anacedwa kutsegulidwa mpaka February, ndipo anthu opitilila 700 anamwalila. Ambili a ife tidziwa nyumba imene inakhudzidwa.

Kolela imapha mwa kugwilitsa nchito khalidwe la madzi lomwe takambali. Tuzilombo twake tukafika m'matumbo tumatulutsa poizoni amene amakakamiza maselo a m'matumbo kutulutsa chloride. Sodium imatsatila chloride, ndipo popeza madzi amakakamila ku tuzidutswa twa magetsi tumenetu, nawonso amatsatila. Wodwala kwambili angataye lita yathunthu pa ola limodzi. Magazi amacepa, impso zimaleka kugwila nchito, ndipo munthu amene anali bwino m'mamaŵa angamwalile usiku.

Mankhwala ake amagwilitsa nchito khalidwe lomwelo mobweza. Mu 1960, wasayansi Robert Crane anafotokoza kuti m'matumbo muli khomo limene limaloŵetsa sodium pokhapo ngati ili pamodzi na shuga ya glucose. Poizoni wa kolela satseka khomo limeneli. Conco mukapatsa wodwala madzi okhala na mcele na shuga pa mlingo woyenela, sodium imaloŵa m'thupi, ndipo madzi amaitsatila. Mu 1971, pa nthawi ya nkhondo ya ufulu wa Bangladesh, dokotala wa ku India Dilip Mahalanabis anali mu msasa wa othaŵa nkhondo ku Bangaon kumene madilipi anatha. Anayamba kumwetsa odwala madzi a mcele na shuga, acibale awo ndiwo anali kuwamwetsa. Imfa zinatsika kucoka pa anthu pafupifupi 30 pa 100 alionse kufika pa osakwana 4. Imeneyo ndiye ORS imene timalandila m'tumapaketi ku kiliniki.

Mlingo ndiwo nkhani. Kapaketi ka ORS kafunika kusungunulidwa m'madzi oculuka monga mmene palembedwela. Ngati kapaketi palibe, pa lita imodzi ya madzi owilitsa mumaika tumasipuni twa tiyi 6 twa shuga tosasefukila, na theka la kasipuni ka mcele. Zigolo yotsekemela kwambili kapena zakumwa za m'botolo zingawonjezele vuto, cifukwa shuga yoculuka imene yatsala m'matumbo imakokela madzi kunja kwa thupi m'malo mowaloŵetsa. Ndipo ORS ni yomwa muli pa ulendo wa ku kiliniki, si yolowa m'malo mwa kiliniki. Munthu amene amvetsa kuti madzi amatsatila mcele saiŵala mcele, ndipo sawonjezela shuga kuti mwana akonde.

Amene angatsutse

Wina anganene kuti: anthu a ku Kanyama na Chawama safa cifukwa cosadziwa Chemistry, amafa cifukwa alibe mapaipi, zimbudzi zabwino na ndalama ya sopo. Ni zoona, ndipo sitifuna kuti nkhani ino ikhale njila yoimbila mlandu osauka. Mayi amene amagula madzi pa cigubu sangasambe m'manja kakhumi pa tsiku. Kumanga mapaipi na ngalande ni udindo wa boma na makampani a madzi, ndipo palibe phunzilo limene lingalowe m'malo mwake. Koma onani kuti zambili zimene tachula sizifuna ngwee iliyonse: kuvinikila pani m'malo mothila madzi, kusasanzitsa mwana, kusasunga palafini m'botolo ya zakumwa, kupima bwino shuga na mcele. Cinanso, cidziwitso cimasintha zimene anthu amapempha. Komboni imene imakhulupilila kuti madzi owala ni abwino imakhutila ikapatsidwa borehole. Komboni imene idziwa za nitrate imafunsa kuti borehole ili pa mtunda wotani kucoka ku zimbudzi, inapimidwa liti, ndipo zotsatila zake zili kuti.

Wina anganene kuti Cinyanja cilibe mawu a sayansi. Cizungu naco cinalibe. Mawu akuti atom na electron anacokela ku Cigiliki, molecule ku Cilatini, ndipo alcohol na alkali ku Ciarabu. Ife tinabweleka kale sopo, shuga, petulo na batile popanda kupempha cilolezo kwa aliyense. Tingabwelekenso molekyu na polar. Cofunika si dzina koma cithunzi ca m'maganizo, ndipo cithunzico cimakhazikika bwino m'cinenelo cimene munthu amaganizila akaona pani ikuyaka. Pa nthawi imeneyo palibe amene amakumbukila tanthauzo la m'buku la Cizungu.

Winanso anganene kuti uthenga wacidule monga "sambani na sopo" ni wokwanila, zifukwa n'za madokotala. Ife tikukana. Lamulo lopanda cifukwa limatha mlili ukatha. Tonse tinaona mmene ndowa zosambila m'manja zinasoŵela pa zitseko za mashopu Covid-19 itacepa. Ndiponso lamulo limagwila pa nkhani imodzi cabe, pamene cifukwa cimagwila ngakhale pa nkhani imene palibe anakucenjezani. Amene amvetsa cifukwa cake madzi sazimitsa saladi safunika cikwangwani cina comuuza za petulo.

Zimene tikupempha

Kwa aphunzitsi a sayansi: mayeso adzalembedwa m'Cizungu, tidziwa. Koma mutu uwu uyambe na botolo ya madzi, saladi, mcele na kadontho ka sopo pa tebulo, ndipo ufotokozedwe kamodzi m'cinenelo ca ana musanalembe tanthauzo pa bolodi. Zinthu zimenezi zipezeka pa kantemba kalikonse, sizifuna labu.

Kwa mawailesi a m'madela na a zaumoyo: nyengo ya mvula ikayandikila, musamangobweleza malamulo. Patulani mphindi ziwili kufotokoza cifukwa cake. Anthu a m'komboni amamvetsa mmene injini ya minibasi na foni zimagwilila nchito, sangalephele kumvetsa molekyu ya maatomu atatu.

Kwa makampani a madzi na mabungwe oyang'anila monga NWASCO, WARMA na ZEMA: zotsatila za kupima madzi zizimatidwa pa malo otungila madzi, m'cinenelo ca anthu a kumeneko, pamodzi na deti limene anapima. Amene amamwa madziwo ali na ufulu wodziwa zimene zasungunukamo.

Ndipo kwa ife acicepele amene tinafika ku sekondale: m'nyumba zambili ndife tinaphunzilako Chemistry. Lelo lomwe, yang'anani kumene palafini na petulo zimasungidwa kwanu, ndipo ngati zili m'botolo ya zakumwa, zisamutseni n'kulembapo dzina. Uzani amene amakazinga vitumbuwa kuti civinikilo cizikhala pafupi. Lembani mlingo wa ORS pa kapepala n'kukamata ku citseko ca khichini mvula isanayambe. Akakufunsani cifukwa cake, tengani kapu ya madzi, thilanimo mcele na saladi, muwaonetse cimene madzi atenga na cimene akana.